Sutikesi ya ku kampu ya 1942: tiyambire pati, tisunge bwanji?

Nabanda (woyang'anira gulu):
Moni nonse. Funso ili latumizidwa ndi mnzathu wina wa pa gulu pano amene anakwatiwa m'banja la anthu a mtundu wa Chijapani ku America, ndipo wapempha kuti dzina lake lisatuluke. Apongozi ake amwalira. Pokonza m'nyumba apeza sutikesi yakale yolembedwa dzina la banja ndi nambala ndi utoto woyera. Mkatimo muli makalata a Chijapani, nyuzipepala zachikasu, alubamu ya masamba akuda, kambalame kosema ka phini kumbuyo, duwa lopangidwa ndi tizigoba, nsalu yoyera yaitali ya mfundo zofiira, ndi kalata ya boma ya 1990. Ana a malemuwo akufuna kuchapa nsaluyo, kulamineta mapepala, n'kugawana. Odziwa tithandizeni.

aMbewe:
Auzeni msanga, mayi Nabanda: asachape, asalaminete, asagawane kaye. Ntchito yoyamba ndi ya foni ndi kope. Ajambule sutikesiyo ili chitsegulire asanasunthe kanthu, kenako azitulutsa chimodzichimodzi, kuchijambula mbali zonse, n'kulemba chomwe chinali pamwamba pake ndi pansi pake. Kalata yomangidwa pamodzi ndi chithunzi nthawi zambiri ndiyo imanena za chithunzicho. Mukazisiyanitsa, chithunzicho chasanduka nkhope ya mlendo.

Za nambalayo. Pulezidenti Franklin D. Roosevelt atasaina lamulo lotchedwa Executive Order 9066 pa 19 Febuluwale 1942, patatha miyezi iwiri ndi theka Japan ataphulitsa Pearl Harbor, asilikali anachotsa anthu a mtundu wa Chijapani m'chigawo cha California ndi mbali zina za Oregon, Washington ndi Arizona, n'kukawatsekera m'makampu. Onse anakwana pafupifupi 120,000, ndipo awiri mwa atatu alionse anali nzika zobadwira ku America komweko. Banja lililonse linkapatsidwa nambala imodzi polembetsa, ndipo inkalembedwa pa tikapepala tomangirira pa katundu ndi pa malaya a munthu aliyense, khanda lomwe. Ambiri anapatsidwa pafupifupi sabata imodzi yokha, n'kuloledwa kutenga zomwe akanatha kunyamula okha: zofunda, zovala, mbale, sipuni. Nambala imeneyo ndiyo kiyi wa mafayilo a banjalo. Asaipukute ndi madzi kapena sopo.

Nangozo:
Kuwonjezera pa za a Mbewe: maenvulopu asatayidwe. Keyala ya pa envulopu ndiyo imaulula kampu. Imakhala ya zigawo zitatu, mwachitsanzo 12-7-C, kutanthauza buloko 12, nyumba 7, chipinda C. Makampu akuluakulu a War Relocation Authority, bungwe la boma lomwe linkawayang'anira, anali 10: Manzanar ndi Tule Lake ku California, Poston ndi Gila River ku Arizona, Topaz ku Utah, Minidoka ku Idaho, Heart Mountain ku Wyoming, Amache ku Colorado, Rohwer ndi Jerome ku Arkansas. Koma mukaona Santa Anita, Tanforan kapena Puyallup, amenewo ndi malo omwe anafikira poyamba m'miyezi ya 1942. Santa Anita ndi Tanforan anali mabwalo a mpikisano wa mahatchi, moti mabanja ena anagona m'makola enieni a mahatchi.

aZimba:
Pepani kudula pakamwa. Mukuti "kampu", ena akuti "msasa". Anthu ali mkati mwa waya waminga, asilikali ali pa nsanja ndi mfuti, si ndende imeneyo?

aMbewe:
Mwagunda pomwe eni ake amatsutsiranapo, achimwene. Boma linkawatcha "relocation center", ngati kuti anthu angosamuka mwa kufuna kwawo. Mabanja ambiri masiku ano amakana ngakhale liwu loti "internment", chifukwa m'malamulo limanena za kutsekera nzika za dziko la adani, pomwe ambiri mwa awa anali nzika za America zomwe sizinazengedwe mlandu uliwonse. "Msasa" ine ndingaukane, umamveka ngati pothawira. Paja Dzaleka inali ndende ya andale isanakhale malo a anthu othawa kwawo mu 1994, malo omwewo koma zinthu ziwiri zosiyana. Eni ake akamacheza amangoti "camp", nane ndikuti kampu.

Kusiyana kumeneku kuli ndi ntchito pofufuza. Amuna ambiri obadwira ku Japan, monga ansembe a Chibuda, aphunzitsi a chiyankhulo ndi atsogoleri a mabungwe, anagwidwa ndi apolisi ofufuza a FBI kuyambira usiku wa pa 7 Disembala 1941, n'kutumizidwa ku makampu a Department of Justice, unduna wa zachilungamo, monga Fort Missoula, Santa Fe, Fort Lincoln, ndipo pambuyo pake mabanja ena ku Crystal City ku Texas. Makalata ochokera kumeneko ankawerengedwa kaye ndi a boma. Mukapeza kalata yoboola timawindo kapena yodetsedwa mizere, musati ndi njenjete, ndi lumo la wofufuza. Mafayilo a anthu amenewa sali pamodzi ndi a makampu 10 aja.

Nabanda:
Ndiye afufuze kuti, mwatsatanetsatane?

aMbewe:
Ayambe ndi National Archives ya ku America. Pa intaneti pali kaundula wochokera ku fomu yotchedwa Form 26, wa anthu oposa 109,000. Amaonetsa chaka chobadwa, komwe munthu ankakhala, sukulu, kampu, ndi nambala yake, yomwe ndi nambala ya banja ija kuphatikiza chilembo chimodzi. Kenako aone Final Accountability Roster ya kampu yawoyo. Imeneyi imanena tsiku lolowa, tsiku lotuluka, ndi komwe munthu analowera. Ana obadwira m'kampu anali pafupifupi 6,000, ndipo ambiri a iwo mudzawapeza mu roster imeneyi osati mu Form 26.

Chomwe chimasokoneza anthu ndi mayina. Dzina limodzi lingalembedwe Ota, Ohta kapena Oota. Munthu yemwe zidzukulu zimamudziwa ndi dzina la Chingelezi angakhale kuti analembedwa ndi la Chijapani lokha. Mkazi amene anakwatiwira m'kampu analowa ndi dzina lina n'kutuluka ndi lina. Zikavuta, fufuzani ndi nambala ndi chaka chobadwa. Bungwe la Densho la ku Seattle, lomwe linayamba mu 1996, lili ndi zithunzi ndi maumboni ambirimbiri pa intaneti. Palinso Ireichō, buku lalikulu la mayina 125,284 a anthu omwe anatsekeredwa, lomwe linaperekedwa ku Japanese American National Museum ku Los Angeles mu 2022.

Mukapeza kuti banja linachoka kampu ina kupita ku Tule Lake kumapeto kwa 1943, yendani mwaulemu. Chaka chimenecho akuluakulu onse anafunsidwa mafunso a kukhulupirika. La 27 linali la kulowa usilikali, la 28 la kulumbira kukhulupirika kwa America ndi kukana mfumu ya Japan. Obadwira ku Japan sankaloledwa kukhala nzika za America mpaka 1952, ndiye kuyankha "inde" kukanatha kuwasiya opanda dziko. Oyankha "ayi" anasonkhanitsidwa ku Tule Lake, yomwe inatsekedwa mu Malichi 1946. M'mabanja ena nkhani imeneyi ikadali chilonda.

Nangozo:
Za makalata a Chijapani, asadalire foni kuwamasulira. Ndi zolemba za pamanja zothamanga, za zilembo zakale zomwe ngakhale achinyamata a ku Japan zimawavuta. Koma tsiku angathe kuliwerenga okha. Ku Japan amawerenganso zaka potsata ulamuliro wa mfumu, ndiye chaka chikalembedwa m'kawerengedwe ka Showa, wonjezerani 1925: Showa 17 ndi 1942, Showa 20 ndi 1945. Pa masiku obadwa a agogo, Meiji wonjezerani 1867, Taisho 1911.

aZimba:
Komabe ine za laminate sindikumvetsa. Satifiketi tonse timalamineta, madzi salowa, mphemvu sizidya. Cholakwika n'chiyani?

Nangozo:
Cholakwika n'choti simungabwerere, bambo Zimba. Makina aja amatenthetsa guluu n'kumulowetsa mu ulusi wa pepala. Pepala la nthawi ya nkhondo ndi lotchipa, la asidi wambiri. Mukalitsekera, asidiyo amapitiriza kulidya ali mkati momwemo, limada, ndipo palibe katswiri angalichotsemo osang'amba zilembo. Selotepi ndi chimodzimodzi: pakapita zaka amagwa yekha, n'kusiya mzere wabulauni womwe walowerera mpaka kuseri.

Choyenera ndi ichi. Chotsani malabala, mapini ndi masitepulo adzimbiri. Sitepulo musaizule, iwongoleni miyendo kuseri ndi kachitsulo kopyapyala kenako muikoke pang'onopang'ono. Kalata yomwe ikutseguka yokha itambasuleni, muisunge yotambasula pamodzi ndi envulopu yake mu foda yopanda asidi, mapepala 10 kapena kuchepera pa foda imodzi. Yomwe ikulimba kapena kuthetheka popinda, isiyeni choncho. Nyuzipepala zikhale pazokha chifukwa asidi wake amasamukira ku pepala loyandikana nalo. Ndiponso musavutike nazo kwambiri: Manzanar Free Press, Heart Mountain Sentinel, Topaz Times, Minidoka Irrigator ndi zina zili kale pa intaneti ku Library of Congress. Chamtengo wapatali pa kope lanulo ndi pomwe agogo anazunguliza dzina ndi pensulo.

Ngati mukufuna pulasitiki, ikhale ya polyester, polypropylene kapena polyethylene. Yonunkha ngati katani ya kubafa ndi PVC, imatulutsa mafuta omata zithunzi. Zojambula za pensulo kapena makala musaziike m'pulasitiki iliyonse, imakoka fumbi la chojambulacho.

Malo osungira: chipinda cha mkati mwa nyumba, pa shelefu, osati kudenga, m'galaja kapena chipinda chapansi. Kutentha kusapitirire madigiri 21 ngati n'kotheka, chinyezi chikhale pakati pa 30 ndi 50 peresenti. Chikadutsa 65, chuku chimayamba. Chofuna kupachika pakhoma chikhale kope, chenichenicho chikhale mumdima.

Naphiri:
Nanga alubamu ya masamba akudayo, achotsemo zithunzi?

Nangozo:
Ayi achemwali. Masamba akuda ali ndi asidi ndithu, koma mawu olembedwa ndi inki yoyera pansi pa zithunzi, ndi ndondomeko yomwe mwini wake anasankha, n'zofunika kuposa ngoziyo. Angoika pepala lopyapyala lopanda asidi pakati pa masamba, kupatula ngati likutupitsa msana wa alubamu. Yofunika kuphwasula ndi ija ya masamba omata a pulasitiki yoonekera pamwamba, ya m'ma 1970. Lowetsani kaulusi kotsukira m'mano kopanda phula pansi pa ngodya ya chithunzi, muzikoka uku ndi uku ngati macheka. Chikakana, chisiyeni.

Kumbuyo kwa chithunzi lembani ndi pensulo yofewa ya 2B, m'mphepete, osadinda. Bolopeni ayi. Posikana, mapepala 300 mpaka 400 dpi (timadontho pa inchi), zithunzi zazing'ono 600 dpi, mbali zonse ziwiri, m'fayilo ya TIFF, ndipo makope akhale atatu, limodzi kunyumba ina.

Musadabwe zithunzi za 1942 zikachepa. Makamera anali oletsedwa poyamba. Wojambula zithunzi Toyo Miyatake analowetsa mobisa galasi la kamera ku Manzanar, mmisiri wa matabwa n'kumupangira bokosi lake. Zambiri za mabanja ndi za 1943 kupita mtsogolo, malamulo atafewa. Manegativu a nthawi imeneyo aoneni m'mphepete: olembedwa NITRATE amayaka moopsa, asakhale pafupi ndi mapepala kapena moto. Olembedwa SAFETY akayamba kununkha viniga ndiye kuti akuwola, asikanidwe msanga ndipo atalikirane ndi anzawo.

aJere:
Ndilowepo pa kambalame ndi duwalo. Zipinda za m'kampu zinali zopanda kanthu: ku Manzanar chipinda cha mamita pafupifupi 6 kwa 7 ndi theka, mabedi achitsulo, matiresi a udzu, mbaula ndi babu limodzi. Mipando ndi matebulo anthu ankakhoma okha ndi matabwa otsala pomanga. Malipiro a ntchito anali madola 12, 16 kapena 19 pa mwezi, ndiye mphatso zinali za manja.

Timbalameto ankatisema pa timatabwa ta makireti, kukwecha, kupenta potengera zithunzi za m'magazini, kenako kupaka vanishi woonekera. Miyendo ndi tiwaya totsala podula neti ya pawindo. Miyendoyo ndiyo imathyoka, choncho musakagwire pamenepo, ndipo musakavale pa chikondwerero. Fumbi lichotsedwe ndi kaburashi kofewa kouma. Mafuta, polishi, vanishi watsopano, zonsezi ayi. Mukaona timabowo ndi ufa woyera pansi pake, thabwalo likufumbwa: kaikeni m'jumbo pakokha, pa pepala lakuda, muone ngati ufa watsopano ukugwa pakatha masabata angapo.

Duwa la tizigoba likuloza ku Tule Lake kapena Topaz, chifukwa makampu awiriwa anamangidwa pomwe kale panali nyanja. Anthu ankakumba, kusefa mchenga, kutsuka tizigobato, kutiyeretsa, kutisankha malinga ndi kukula, n'kutipaka utoto kapena polishi wa zikhadabo. Koma musamalize mlandu ndi duwa lokha, mphatso zinkatumizidwa kuchokera kampu ina kupita ina. Mdani wa chigoba ndi mpweya wa asidi wochokera ku matabwa, makamaka oak, ndi makatoni wamba. Pakakhala chinyezi, chigoba chimamera ufa woyera ngati mchere n'kuyamba kunyenyeka. Anthu amayesa chuku, amatsuka, guluu wakale n'kusungunuka, duwa lonse n'kumwazika. Lichotseni m'kabokosi ka thabwa, liikeni m'kabokosi kopanda asidi pa kasiponji ka polyethylene, osati pa thonje, chifukwa thonje limakola tizigoba.

Nachisale:
Nsaluyo asayerekeze kuichapa. Malinga ndi momwe mwafotokozera, ndi senninbari, lamba wa mfundo 1,000. Mayi kapena mkazi wa msilikali ankayenda nayo kuti akazi osiyanasiyana amange mfundo imodzi aliyense ndi ulusi wofiira, kuti imuteteze ku nkhondo. Amayi a m'makampu ankasokera ana awo olowa usilikali wa America, ambiri m'gulu la asilikali la 442nd Regimental Combat Team lomwe linakhazikitsidwa mu 1943. Ndiye banjalo lifufuzenso ngati panali msilikali. Ulusi wofiira wa nthawi imeneyo umasuluka, mukauviika nsalu yonse isanduka yapinki. Mathotho a thukuta ndi mbali ya umboni, asiyeni.

Fumbi: yalani nsalu patebulo, phimbani ndi neti yofewa, muyamwe ndi makina oyamwa fumbi pa mphamvu yochepa osakhudza nsaluyo. Posunga, ikulungeni pa chubu chokutidwa ndi pepala lopanda asidi, mfundo zili kunja. Ngati mukupinda, ikani pepala lofwanyafwanya m'mapindo kuti pasathyoke. Mankhwala onunkha othamangitsa njenjete musaikemo. Njenjete zikalowa kale, kulungani nsalu yowuma m'majumbo awiri, tulutsani mpweya, ikani mu firiza pa madigiri 18 mpaka 20 pansi pa ziro kwa masabata awiri, ndipo mukatulutsa musatsegule mpaka patatha maola 24, kuti mame agwere pa jumbo osati pa nsalu.

aJere:
Firizayo ndi ya nsalu yokha, mayi. Kambalame kopenta ndi duwa lomata asaikemo, penti ndi guluu zimasweka.

Nachisale:
Zoona, mwachita bwino kukumbutsa.

Naphiri:
Zonse mwanenazi n'zabwino, koma chothamangira kwenikweni ndi anthu. Wobadwira m'kampu mu 1945 wakwanitsa zaka 80. Ngati pali mng'ono kapena msuweni wa malemuwo, apite kwa iye sutikesi isanagawidwe. Ambiri a m'badwo umenewo anakhala chete zaka makumi. Ali ndi mawu awo, gaman, kupirira mosadandaula, ndi shikata ga nai, palibe chochita. Ena anayamba kuyankhula mu 1981 pomwe komiti ya boma inamva mboni zoposa 750.

Musayambe ndi "munkamva bwanji". Ikani chinthu chimodzi patebulo, achigwire. Funsani zazing'ono: anasema ndani, mpeni anaupeza kuti, chipinda choyandikana munali banja liti, pa mzere wa chakudya munkaima ndi ndani. Akakhala chete musadzaze mpatawo, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ola limodzi likwanira, mubwerenso tsiku lina. Foni ikhale pafupi, pansalu, wailesi ndi fani zozimitsa. Poyamba tchulani tsiku, malo ndi mayina, ndipo mugwirizane ngati mawuwo angamvedwe ndi anthu akunja kwa banja.

Yemwe anali mwana angakuuzeni za mpira ndi anzake, n'kumaseka. Musamukonze. Makolo ake ndi amene anataya munda ndi sitolo, n'kutuluka ndi madola 25 ndi tikiti ya sitima. Polemba, siyanitsani "ndinaona" ndi "amayi anandiuza". Zikasemphana ndi roster, lembani zonse ziwiri. Afunseninso za zomwe mulibe m'sutikesimo. Mabanja ambiri anawotcha okha makalata, mabuku ndi zithunzi za ku Japan poopa FBI, ndipo katundu wosungitsa m'akachisi ndi m'matchalitchi wina anabedwa. Ku Panama Hotel ku Seattle, m'chipinda chapansi mukadali mabokosi omwe eni ake sanabwerere kudzatenga.

aZimba:
Ndifunse chomwe ena akuopa kufunsa. Ana akakangana, kugulitsa n'kugawana ndalama n'kulakwa?

aMbewe:
Lamulo silikuletsa kugulitsa za banja lako, koma anthu a mtunduwu amaziona ngati kugulitsa misozi. Mu 2015 kampani ya Rago ku New Jersey inafuna kugulitsa pa okushoni zinthu pafupifupi 450 zomwe Allen H. Eaton anasonkhanitsa m'makampu. Anthu anakwiya kwambiri, malondawo anaimitsidwa, ndipo zinthuzo zinapita ku Japanese American National Museum. Ine ndingati zoyambirira zikhale pamodzi kwa munthu mmodzi wosankhidwa, ena onse alandire makope abwino. Akafuna kupereka ku myuziyamu, awerenge bwino pepala la mgwirizano: mphatso sibwerera, kubwereketsa kumabwerera. Afunse ngati banja lidzaloledwa kudzaona, ndi yemwe adzakhale ndi ufulu wosindikiza zithunzi. Kukatola zinthu pamalo pomwe panali kampu, monga Manzanar yomwe ndi malo otetezedwa kuyambira 1992, kumeneko ndiye n'kuphwanya lamulo.

Kalata ya 1990 ija ndi yopepesa, yosainidwa ndi Pulezidenti George Bush, yomwe inkabwera ndi cheke cha madola 20,000 kwa aliyense yemwe anali moyo pomwe Pulezidenti Ronald Reagan ankasaina lamulo la Civil Liberties Act pa 10 Ogasiti 1988. Analandira anthu oposa 82,000. Ikakhala mu fulemu, aichotse pa dzuwa.

aJere:
Kwa a kuno kwathu amene mukusunga buku la usilikali kapena mendulo ya agogo a KAR (King's African Rifles) omwe anakamenya ku Burma mu 1944, malangizo ndi omwewa, kungowonjezera chiswe. Bokosi lisagunde khoma kapena pansi, mulitsegule kawiri m'nyengo ya dzinja, ndipo mendulo musaikwechese ndi Brasso kapena kusintha kansalu kake.

Nabanda:
Wafunsanso kuti akamaliza zonsezi, abwezere zinthuzo m'sutikesi momwemo?

Nangozo:
Ayi. Mkati mwa sutikesi zakale muli katoni, guluu ndi nsalu za asidi, ndipo zitsulo zake zimachita dzimbiri. Isungidwe payokha, yogoneka, yodzazidwa mapepala opanda asidi kuti isaphwe, yophimba ndi nsalu ya thonje yochapa. Asainyamule ndi chogwirira, aigwire pansi ndi manja awiri. Chikopa chikayamba kutulutsa ufa wofiira, asapake mafuta. Chinthu chilichonse chipatsidwe nambala ya pensulo pa kapepala komangirira ndi ulusi, yofanana ndi ya m'kope lija, ndipo kope limodzi la mndandandawo alisindikize n'kuliika m'sutikesimo.